Alamu Anga ndi Galu Wakufa Miyendo

Alamu anga, mng'ono wa malemu amuna anga, ndi mlonda pabwalo lina logulitsa simenti, malata ndi zitsulo zomangira nyumba. Anthu a mumsewu wathu amawatcha a Tochi, chifukwa ngakhale masana dzuwa lili paliwombo, tochi sichoka palamba wawo. Ine sindinawaitanepo ndi dzina limenelo. Ndimangoti alamu, iwonso amati alamu, ndipo kwa nthawi yaitali nkhani zathu zinkathera pomwepo. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yanga, momwe kale amuna anga ankasungiramo mapaipi ndi zida zawo za ntchito.

Tsiku lomwe anabwera ndi galu ndinali pampopi ndikutsukuluza makatani. Chipata chinakankhidwa ndi phazi, n'kulowa wilibala, pambuyo pake alamu ali thukuta kamukamu, yunifomu itayera ndi fumbi. M'wilibalamo, pamwamba pa matumba akutha a simenti, munagona galu wamkulu wofiirira, wa imvi kukamwa konse. Mutu anautukula bwinobwino n'kundiyang'ana. Koma miyendo yakumbuyo inkalendewera m'mbali mwa wilibala ngati manja a malaya oyanikidwa pachingwe.

"Alamu, chimenecho n'chiyani?"

"Ndi Kapitawo."

"Sindinafunse dzina."

"Wavulala. Akhala pang'ono kuseriku."

"Wafa miyendo ameneyo."

"Yakumbuyo yokha," anatero, ngati akunena za tayala la njinga loti akamata mawa.

Anapitirira nayo wilibalayo kuseri osadikira kuti ndivomere. Ine za miyendoyo ndinadziwa ndisanauzidwe. Munthu amene anasamalirapo wakufa ziwalo saiwala momwe mwendo wotero umagonera.

Alamu ndi chitsirizira m'banja la kwawo, ndipo chiyambire ubwana wawo panali chinthu chimodzi chomwe sankatha kuchiyang'ana: munthu wodwala. Apongozi anga ankanena moseka kuti mwana ameneyu akaona wina akusanza ankathawira kwa aneba n'kukagona komweko. Sukulu anaisiyira panjira. Anakhalapo kondakitala wa minibasi, ndipo ntchitoyo ankaitha, pakamwa panali pakuthwa. Koma tsiku lina mayi wachikulire anakomoka pampando wakumbuyo, alamu anatsika pasiteji yotsatira n'kubwerera kunyumba wapansi, ntchito n'kuthera pompo. Amuna anga anawapezera malo kubutchala, sabata sinathe. Anakwatira mtsikana wabwino, wofatsa, wophika m'kantini ya pasukulu ina. Mtsikanayo atapita padera n'kugonekedwa m'chipatala, alamu anakabisala kwa mnzawo mpaka atamva kuti watuluka. Pobwerera anapeza m'nyumba mulibe ndi supuni yomwe. Sanakwatirenso. Ulonda ndi umene unawayanja: ntchito ya munthu mmodzi, pakati pa matumba ndi malata, zinthu zosabuula.

Amuna anga anali mmisiri wa mipopi. Anagwa ndi sitiroko ali pantchito, ndipo anabwera kunyumba mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatsekeka. Anakhala choncho zaka zingapo. Ntchito ya wodwala wotero siidziwika kwa munthu wodutsa kunja. Umamutembenuza usana ndi usiku kuti thupi lisachite zilonda. Umayala pulasitiki, pamwamba pake nsalu yopinda pakati, kuti pomutembenuza uzikoka nsaluyo osati mkono wake. Umapaka mafuta m'chiuno, m'zigongono, m'zidendene. Umachapa, kuyanika, kuchapanso. Amuna anga anali munthu wathupi, ndipo msana wanga mpaka lero sunaiwale. Mwana wanga wamkazi ankandithandiza akaweruka kusukulu. Amayi a kutchalitchi ankabwera mosinthana. Alamu, amene ankakhala pafupi poti munthu n'kufika osatuluka thukuta, anabwera kamodzi. Anandipeza ndikusambitsa achimwene awo. Anaima pakhomo, anaika kathumba ka malalanje pampando, n'kunena kuti akubwera. Ndinadzawaonanso pamaliro, atagwira bokosi kutsogolo, akulira kuposa tonsefe.

Kachipinda ka kuseri ndinawapatsa patapita nthawi, nyumba yomwe ankachita lendi itagulitsidwa. Alongo awo anabwera kudzandichonderera. Ndinavomera chifukwa ndi bambo aang'ono a mwana wanga, komanso chifukwa munthu wopemphera sasiya wachibale kugona panja. Za malalanje aja sitinakambiranepo.

Nkhani ya galuyo ndinaimva kwa a Telala, mayi wosoka zovala amene amachita lendi chipinda cha m'mbali, munthu woti nkhani imamupeza yokha ali pamakina. Galuyo anali wa pabwalo la simenti. Anabwera ali kamwana chaka chomwe alamu anayamba ulonda, ndipo onyamula katundu anamutcha Kapitawo chifukwa ankawalonda m'mbuyo kuchokera palole mpaka m'shedi, ngati woyang'anira ntchito. Atakalamba makutu anagontha. M'mawa wina lole ikubwerera chammbuyo, iye anali atagona pamthunzi wake ndipo sanamve. Abwana a pabwalopo anauza alamu kuti apite naye kudzala akamumalize ndi fosholo. Alamu anamukweza m'wilibala, koma m'malo mopita kudzala anapita kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo anati msana wathyoka, miyendo sidzadzukanso, chifundo chenicheni n'kumubaya jakisoni agone. Alamu anakana. Pamenepo dokotala anawaonetsa kafinyidwe ka pamimba kuti galuyo azikodza, popeza yekha sakanathanso, n'kuwauza kuti zikawakanika abwere naye.

"Munthu wothawa magazi a nkhuku ameneyu," a Telala anatero akudula ulusi ndi mano. "Samaliza naye sabata. Tidzadzuka tsiku lina tipeze a Tochi asamuka, galu atisiyira ife."

Inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Koma sabata inatha, ina n'kubwera, munthu osathawa.

Ankati akaweruka m'mawa, asanavule ndi nsapato zomwe, amutulutsire galuyo padzuwa atamunyamula m'manja ngati mwana. Ankagwada pasimenti, manja awiri pansi pa mimba, kufinya pang'onopang'ono kwinaku akulankhula naye. "Tiyeni bwana. Pang'ono pokha. Eya, mwagwira ntchito." Kenako beseni, sopo, kansalu. Bulangete lawo lomwe analidula pakati. Ankapita kubutchala komwe kuja anathawako kukapempha zotsalira, n'kuziwiritsa mpaka zitafewa, chifukwa mano a galuyo anali atatha. Tulo ta masana, tomwe mlonda amadalira, anatisiya. Zonsezi ndinkaziona pawindo la kukhitchini ndikutsuka mbale. Ndinkayang'ana manja awowo. Analipo nthawi yonse ija. Sanali odulidwa.

Fungo silinachedwe. Pabwalo pathu m'pochepa: mpopi umodzi, chingwe choyanikira chimodzi, ngalande imodzi yodutsa pakhomo penipeni pa a Telala. Zinsanza za galu zinayamba kudzaza chingwe chonse, ndipo madzi otsukira ankaima m'ngalande dzuwa n'kumawawotcha.

"A Tochi, matewera a mwana wanu akudonthezera diresi ya kasitomala," anatero a Telala.

"Ndisuntha, mayi."

"Ndi ya mkwatibwi imeneyo. Akafika kutsogolo anthu azikanunkhiza kuti kodi wabwera ndi mlonda wake?"

Alamu anapita pachingwepo. Anayamba kuanula zinsanzazo n'kumaziika paphewa zili zonyowa.

"Komabe mwachita mwayi," a Telala anapitiriza. "Uyu yekha sakuthawani. Alibe miyendo."

Makasitomala awiri amene ankadikira mathalauza awo pabenchi anaseka. Alamu anaseka nawo pang'ono, kuseka kwa munthu wosowa kolowera, n'kukakhoma chingwe chawo china kuseri, kuchokera pawindo mpaka pampanda. Ine ndinali pakhonde ndikusankha nyemba. Sindinaseke, komanso sindinawaletse a Telala.

Mwana wanga tsopano amagulitsa mankhwala m'famase ina m'tauni, ndipo amabwera Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Lamlungu lina anapeza alamu akupukuta galuyo ndi thaulo, akumuumitsa chala chimodzichimodzi cha miyendo yakufayo. Anaima chikwama chili m'manja n'kuwayang'ana nthawi ndithu.

"Bambo aang'ono, kani kusambitsa mumatha?"

"Ndikuphunzira, mwanawe."

"Mwachedwa nayo sukuluyo."

"Iwe, lowa m'nyumba," ndinatero.

"Ndikulowa, amayi. Ndimangoti abambo anga akanabadwa ndi mchira, bwenzi bambo aang'ono akubwera tsiku ndi tsiku."

Alamu anapitiriza kupukuta chala chomwe chinali chitauma kale. M'nyumba mwana wanga anakana tiyi. Anati ndiwachotse alamu pakhomopo, anati sangamabwere kudzaona munthu ameneyo akulera galu m'chipinda cha abambo ake. Ndinamuuza kuti ndipemphera kaye. Anati, "Pempherani, koma mutseke mawindo, fungolo lingakusokonezeni."

Patapita milungu ingapo ntchentche zinachuluka kuseri. Masana ena ndinazungulira kukatenga tsache, ndipo ndinapeza alamu atanjuta, chitini chili pambali, akupaka zinthu zakuda pachiuno cha galuyo ndi kamtengo. Pafupa la m'chiuno panali chilonda chozungulira, chofiira pakati, ubweya utasosoka m'mbali. Ndikanatha kungotenga tsache n'kubwerera. Koma chilonda chamtundu umenewo ndinalimbana nacho zaka, ndipo sindikanatha kuona munthu akuchidyetsa uve.

"Mukupaka chiyani?"

"Oilo wakutha wa m'lole. Madalaivala akuti amapha mphere za agalu."

"Imeneyo si mphere. Mumamugoneka mbali iti?"

"Iyiyi. Amaikonda, amayang'ana kuchitseko ndikamabwera."

"Usiku wonse mbali imodzi, masana onse mbali yomweyo?"

Anandiyang'ana osamvetsa.

"Thupi likudzidya lokha ndi kulemera kwake. Chotsani uvewo ndi madzi ofunda a mchere. Madalaivala anuwo azipaka malole awo."

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga nsalu yakale ya pabedi. Galuyo sindinamukhudze. Ndinaima poteropo n'kumalamula. Pindani pakati. Lowetsani pansi pake, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Gwirani m'mphepetemo. Kokani nsalu, osati mwendo. Ikani chinsanza pakati pa mawondo kuti mafupa asakhudzane. Alamu anakoka, ndipo galuyo anatembenuka yense bwinobwino, osalira. Atagona mbali inayo anatulutsa mpweya wautali. Mpweya umenewo ndinkaudziwa.

"Muzitero pafupipafupi, ngakhale ali m'tulo."

Alamu anamwetulira ngati mwana amene wakhoza samu. "Koma alamu, zimenezi munaziphunzira kuti?"

Ndinawayang'ana. Ndinangowayang'anabe mpaka kumwetulirako kunatha, nkhope n'kugwera pansi. Ndinabwerera m'nyumba opanda tsache lija, ndipo mpunga unapserera pamoto ndili chikhalire pampando.

Malangizowo anawatsata, zimenezo sindingawanamizire. Madzulo anayamba kupita naye kuntchito m'wilibala, kukamugoneka m'kanyumba ka alonda pachipata kuti azimutembenuza akamazungulira. Chilonda chinauma. Galuyo anapeza mphamvu, n'kuyamba kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo pabwalo ponse, yakumbuyo ikukhwekhwereza mpaka kusupuka. Alamu anamuveka masokosi awo. A Telala anati chatsala ndi tayi basi, akayambe ntchito ya muofesi.

Njinga ya odwala ya amuna anga ndinaisunga m'sitolo yosungiramo katundu ya pakhonde, nditaifunditsa nsalu. Abusa anali atandifunsapo ngati ndingaipereke kwa agogo ena a mumpingo amene miyendo inawakana, ine n'kumangoti ndiona. Katayala kake kakutsogolo, kakumanzere, kankalira. Amuna anga, monga mmisiri, sankapirira chitsulo cholira. Chitseko chikangoti kwii, ngakhale kwa eni ake kocheza, ankafunsa oilo. Ndiye ndikamawakankhira pakhonde kukawothera dzuwa, katayalako kakayamba, ankakwinya mbali yamoyo ya nkhope n'kundiyang'ana ngati akuti, mkazi iwe, oilo m'nyumba muno mulibe? Ine ndinkati, "Dzukani mukathire nokha." Pamenepo phewa lawo linkagwedezeka. Kuseka komwe kunawatsalira kunali kumeneko. Choncho oilo sindinathirepo.

Tsiku lina masana nditabwera kumapemphero a amayi, ndinakhala pabedi ndikuvula nsapato. Ndinamva kwii, kwii, kwii, panja pawindo. Nsapato inagwa m'manja. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti wina akuwakankhira amuna anga kudzuwa, ndipo ndinada nkhawa kuti sanawafunditse miyendo. Kenako ndinamva munthu akuwomba m'manja.

Nditatuluka ndinapeza galu akuthamanga. Chiuno chake chinali chitakolekedwa m'malamba pakati pa mapaipi oyera olumikizidwa mwaluso, ndipo pansi pa mapaipiwo panali timatayala tiwiri. Ankazungulira mpopi lilime lili panja, makutu ogonthawo ali chilili, alamu akuthamanga chobwerera m'mbuyo patsogolo pake. A Telala anali pakhomo pawo, mapini ali pakamwa, ataiwala zonyoza. Kwii, kwii, kwii.

"Matayala amenewo mwawatenga kuti?"

Alamu anaima. Galu anawagunda m'miyendo n'kuimanso.

"Ndimati ndikuuzeni, alamu. Njinga ija imangokhala."

"Mwalowa m'sitolo mwanga."

"Munali mosakiya. Ndatenga ting'onoting'ono tokha, aakulu aja sindinawakhudze. Mapaipiwa ndi otsala a achimwene. Iwo akanakhalapo sakanakana."

"Mukudziwa bwanji zomwe akanakana? Munalipo?"

A Telala analavula mapini m'dzanja n'kulowa m'nyumba, koma chitseko sanatseke.

"Njinga imeneyo munaikankhapo? Munawaonapo atakhalapo? Mukudziwa kuti kuwakweza pamenepo tinkachita kuitana mwamuna wa eni ake kuseri kwa mpandaku, mng'ono wawo ali moyo?"

Mawu anga sanakwere. Sindine munthu wokalipa, ndipo mwina n'chifukwa chake anachita mantha. Anakhala pansi pamwala wochapira, dzanja lili pamutu pa galu.

"Ndinabwera tsiku lija," anatero. "Achimwene anandiona pakhomo ali chivulire, inu mukuwasambitsa. Anatseka maso. Ndinadziwa kuti sakufuna ndiwaone choncho. Munthu amene anandilera, amene ankandinyamula paphewa."

"Ankatseka maso kwa inenso, m'mawa uliwonse. Ndinkawasambitsa ali chitsinzinire."

"Ine mtima wanga ndi wochepa, alamu. Mukudziwa."

"Wakula liti?"

Anayang'ana galuyo. "Uyu sachita manyazi. Amangondiyang'ana basi."

Mwina ankaganiza kuti ndimva chisoni. Ine ndinangoona kuti munthuyu wapeza wodwala wosavuta kumuyang'ana, ndiye akufuna timuwombere m'manja.

"Pofika Loweruka pabwalo pano pasakhale galu," ndinatero. "Mukamupereke kwa dokotala uja, kapena kulikonse komwe mungafune. Chipinda n'chanu ngati mukhalamo nokha. Matayalawo ndiwapeze pomwe anali."

"Ndilibe kwina kopita."

"Ndikudziwa."

Madzulo ake a Telala anabwera kudzabwereka ayironi ngakhale anali nayo yawo. Anati, "Mayi, koma galu uja anathamangatu." Ndinawapatsa ayironiyo. Ataona kuti sindikulowa nawo m'nkhaniyo, anatembenuka msanga: "Komabe mwachita bwino. Musadandaule, asankha chipinda. Munthu wa msinkhu umenewo akagona kuti? Loweruka mudzaona wilibala ikubwerera yopanda kanthu." Mwana wanga pafoni ananenanso zomwezo. Inenso ndinkayembekeza choncho. Moyo wawo wonse alamu akapanikizika ankasiya wodwala n'kudzipulumutsa okha, ndipo sindinaone chifukwa choti asinthire pa galu. Masiku amenewo sanandichonderere, sanatume alongo awo. Ankamufinya galu wawo, kumusambitsa, kumutembenuza ndi nsalu yanga ija, ngati palibe chanenedwa.

Loweruka m'mawa anabwera ndi ngolo yokankha yobwereka kuntchito. Anakwezapo matiresi, mbaula, poto, beseni la galu ndi chikwama cha zovala. Katundu yense wa munthu wa imvi sanadzaze ngolo. Chingwe chawo cha kuseri anachimasula n'kuchikulunga. Chipinda anachikolopa ndi sopo. Mnzawo wina wa kuntchito anatsogola ndi ngoloyo, ndipo iwo anatsala ndi wilibala, galu atagona m'menemo pansalu yopinda pakati, chinsanza chili pakati pa mawondo.

Anabwera pakhonde atavula chipewa n'kundipatsa kiyi ndi manja awiri.

"Mukupita kuti?"

"Kukanyumba ka pachipata. Abwana avomera. Akuti apeza mlonda wa masana waulere."

"M'mene muja munthu sangatambasule miyendo."

"Tizipinda. Mnzangayu yake ndi yopinda kale."

Sindinaseke. Anakanda m'mutu.

"Njinga ndabwezeretsa, alamu. Ndamanga bwinobwino. Kakumanzere kaja kankalira, ndiye ndakatsegula n'kuthira oilo. Tsopano kali bwino."

Ndinalowa m'sitolo n'kuchotsa nsalu. Ndinaitulutsa njingayo n'kuikankha pakhonde, kuchokera pakhomo mpaka pakona pomwe dzuwa la m'mawa limafika. Inayenda myaa, osamveka. Ndinaibweza. Ndinaikankhanso mwamphamvu, ndinaitsamira ndi thupi lonse mbali ya kumanzere. Zii.

"Anakutumani ndani?"

"Ndimati ndikukonzereni," anatero, akuyang'ana ine, kuyang'ana katayala, osadziwa chomwe alakwa.

Ndikanawafotokozera. Koma zinali zinthu za m'nyumba mwanga, za ine ndi amuna anga, ndipo munthu amene sanalowe m'nyumbamo nthawi yake sindinaone choti ndimulowetsere tsopano.

"Pitani," ndinatero.

Anavala chipewa, ananyamula wilibala. Pachipata galuyo anatukula mutu n'kuyang'ana mpopi womwe anauzungulira tsiku lija. A Telala anawatsegulira chipata, chinthu chomwe sanachitepo, kenako anabwerera kumakina awo n'kusoka tsiku lonse osayatsa wailesi.

Alamu akadali kukanyumba ka pachipata. Njira yanga ya kumsika imadutsa pomwepo, ndipo kudzera m'mawaya a mpanda ndimaona zinsanza zitayanikidwa pamulu wa zitsulo. Anapanga ngolo ina ndi matayala a kanjinga ka mwana kotoledwa kudzala komwe kuja anakana kukataya galu. Kapitawo anayambiranso kulonda onyamula katundu kuchokera palole mpaka m'shedi, ndipo akuti makasitomala ena amabwera ndi ana kudzaona. Alamu anaonda, amatsokomola ndi fumbi la simenti, ndipo akuyenda chowerama chifukwa chogona chopinda. Akandiona amakweza dzanja. Ine ndimagwedeza mutu, chifukwa moni sitimana munthu.

Alongo awo anabwera kudzafunsa ngati galuyo akadzafa mlongo wawo angabwerere m'chipinda chija. Ndinati ndidzayankha akadzafa. Koma momwe akumusamalirira, sindikuona kuti funsolo lifika msanga. Kachipindako n'kotseka. A Telala akukafuna kuti aziikamo makina achiwiri, ndipo nawonso ndinawauza kuti ndiona.

Njinga ndinaipereka kwa abusa Lamlungu lotsatira. Panalibenso choisungira. Agogo aja tsopano amabwera nayo kutchalitchi, mdzukulu wawo akuwakankha pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo. Amayi a mumpingo amandiyamika kuti ndinaisamala, akuti imayenda ngati yatsopano, osamveka n'komwe. Ikamadutsa pafupi ndi benchi langa ndimayang'ana m'buku la nyimbo mpaka itapitirira.